Kamsomali mu nsapato ya azakhali: mmene shuga, BP ndi mafuta a m'thupi zimachokera kumodzi

Azakhali anga a ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, anayenda tsiku lathunthu ndi kamsomali mu nsapato osakamva. Analawirira ku msika wa Mbare kukaoda tomato, anabwerera pa kombi (minibasi), anakhala pabenchi pawo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anazindikira madzulo povula ataona sokosi itamata ndi magazi. Nditafika Loweruka ndinawapeza atakulunga phazilo ndi kansalu.

"Azakhali, phazili latani?"

"Palibe kanthu mwana wanga, ndi kabala chabe. Sikakupweteka n'komwe."

Mawu akuti sikakupweteka anandikhazika mtima pansi tsiku limenelo, pamene ndi amene anayenera kundidzidzimutsa. Patatha masabata atatu bala lija linali litakula, likutuluka madzi, ndipo m'chipinda munayamba kumveka fungo. Kuchipatala namwino anawabaya kachala, nadontheza magazi pa kapepala kolowetsa m'kamakina, ndipo panatuluka nambala 19, kusonyeza shuga wokwera kwambiri. BP inali 170/100. Atawafunsa kuti akhala ndi shuga kwa zaka zingati, azakhali anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa kuti, "Uwauze, ine shuga ndilibe. Tiyi wanga ndimathira masupuni awiri basi."

Sankanama. Sankadziwa. Bungwe la International Diabetes Federation linawerengera mu 2021 kuti akuluakulu pafupifupi 24 miliyoni m'chigawo cha Africa anali ndi matenda a shuga, ndipo oposa theka la anthu amenewa anali asanapimidwepo. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo matendawa ndi otero ndithu.

Pamaliro ambiri amene ndakhalapo zaka zapitazi, kaya ku Tafara, ku Dzivarasekwa kapena ku Highfield, wofotokoza za imfa amabwereza mawu omwewo: anali ndi shuga, BP inakwera, anachita sitiroko, impso zinasiya kugwira ntchito. Timaziwerenga ngati matenda anayi osiyana amene angogwera munthu mmodzi mwatsoka. Chimene ndikufuna kufotokoza pano n'chakuti kawirikawiri ndi nthambi za mtengo umodzi. Zonsezi zimayamba pamene thupi lasokonekera pa kagwiritsidwe ntchito ka chakudya, kuyambira posandutsa chakudyacho kukhala mphamvu, posunga chotsala, mpaka potaya zosafunika. Ntchito yonseyi madokotala amaitcha metabolism. Mu 1988 dokotala wa ku America, Gerald Reaven, anafotokoza momveka kuti shuga wokwera, BP ndi mafuta oipa a m'magazi zimakonda kupezeka pamodzi chifukwa gwero lake ndi limodzi, ndilo thupi losamvera insulini, imene ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi. Lero zimenezi, pamodzi ndi mimba yotuluka, zimatchedwa metabolic syndrome.

Ulendo wa mbamu ya nsima

Mukatema mbamu ya nsima n'kumeza, imagayidwa m'matumbo mpaka kusanduka shuga wotchedwa glucose. Ambiri amadabwa chifukwa nsima sitsekemera, koma buledi, mpunga, mbatata ndi chinangwa zonse mathero ake ndi omwewo. N'chifukwa chake masupuni awiri a azakhali sanali nkhani yonse. Shugayo amalowa m'magazi kuti akafike ku minofu, ku ubongo ndi kulikonse kumene kukufunika mphamvu.

Chodabwitsa ndi kuchepa kwa shuga amene magazi amaloledwa kunyamula. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo mwa munthu wabwinobwino amene sanadye, shuga yense woyandama m'magaziwo ndi magalamu 4 kapena 5 okha, kasupuni kamodzi ka tiyi. Mtanda umodzi wa nsima umabweretsa shuga wochuluka kuwirikiza kambirimbiri kuposa pamenepo. Ndiye thupi liyenera kumuchotsa m'magazi mwamsanga, ndipo ntchito imeneyi ndi ya insulini, imene imapangidwa ndi kapamba, kachiwalo kokhala kuseri kwa chifu.

Taganizirani za anthu odikira kombi pa Market Square madzulo. Anthuwo ndi shuga, kombi ndi minofu, ndipo kondakitala wotsegula chitseko ndi insulini. Chitseko chikatseguka anthu amakwera, pamalopo n'kuyera. Pa mtundu woyamba wa matenda a shuga kondakitala kulibe. Chitetezo cha m'thupi chimawononga maselo opanga insulini, ndipo zimenezi zimakonda kuyamba mwa ana ndi achinyamata, popanda chimene iwo kapena makolo awo alakwitsa. Pa mtundu wachiwiri, umene umagwira anthu oposa 9 mwa 10 alionse odwala shuga, kondakitala alipo koma chitseko chalimba. Amakoka mwamphamvu, amaitana anzake kudzathandiza, ndipo kwa zaka zambiri anthu amakwerabe. Pa nthawi yonseyi kapamba akupanga insulini yochuluka kuposa muyezo, shuga akuoneka wabwinobwino pa makina, munthu sakumva kalikonse. Kenako kapamba amatopa, ndipo m'pamene shuga amayamba kuunjikana m'magazi.

Chimalimbitsa chitsekocho n'chiyani? Kwakukulu ndi mafuta okhala pamalo olakwika. Mafuta a m'matako ndi m'ntchafu savuta kwenikweni. Ovuta ndi amene amaunjikana m'kati mwa mimba, kukuta matumbo ndi kulowa m'chiwindi. Chiwindi ndi nkhokwe ya thupi. Chimasunga shuga tikadya, n'kumamutulutsa pang'onopang'ono usiku tikagona. Chikadzaza mafuta chimasiya kumva insulini ikamachiuza kuti chitseke nkhokwe, ndiye chimangokhuthula shuga ngakhale m'magazi muli kale wokwanira. Apa m'pamene pagona yankho la funso limene odwala ambiri amafunsa, loti shuga akwera bwanji m'mawa pamene usiku wonse sanadye kanthu.

Chiwindi chomwecho chimayamba kutumiza mafuta ambiri m'magazi, pamene kolesitirolo wabwino, amene amathandiza kuyeretsa mitsempha, amachepa. Insulini yochulukayo imachititsanso impso kusunga mchere m'malo moutaya, ndipo mchere umakoka madzi, BP n'kukwera. Impso zimachedwanso kutaya uric acid, amene akachuluka amaundana ngati timasingano m'malo olumikizana mafupa. Bambo amene amadzuka pakati pa usiku chala chachikulu cha kuphazi chitatupa, chikutentha, moti ngakhale bulangeti silikhudzika, ndiye gout imeneyo. Mukamuyeza m'chiuno ndi BP, nthawi zambiri mupeza kuti nthambi zinazo ziliponso.

Bwanji ife, ndipo bwanji tsopano

Mbali ina ndi ya kumtundu. Ngati mayi, bambo kapena mbale wanu wa bere limodzi ali ndi shuga, mwayi woti inunso mudwale ndi wokulirapo. Koma magazi a mtundu wathu sanasinthe m'zaka 60. Chasintha ndi moyo.

Agogo athu ambiri anachoka ku Nyasaland wapansi, masabata ali pa ulendo, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Ankagwira khasu ndi fosholo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kudya mgaiwa ndi nyemba. Ife zidzukulu zawo timakhala pabenchi la malonda, pa chiwongolero kapena pa geti la alonda maola 10. Kadzutsa ndi tiyi wa masupuni atatu ndi theka la buledi woyera. Masana ndi mandasi kapena tchipisi ndi botolo la chakumwa chozizira. Usiku ndi nsima ya ufa woyera mbee, ndiwo zosambira m'mafuta. Botolo la mamililita 300 la zakumwa zambiri zotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masupuni 7 kapena 8, pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku, omwe ndi masupuni 12, ndipo kuchepetsa kufika theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Mu 2024 boma la Zimbabwe linayamba kudula msonkho pa shuga wa m'zakumwa.

Sindikunena izi modzudzula munthu. Mayi amene ali ndi dola imodzi ndi ana anayi amagula chimene chikhutitse, ndipo chokhutitsa chotchipa m'tauni muno ndi buledi, ufa woyera, shuga ndi mafuta. Matendawa anasiya kalekale kukhala a anthu olemera.

Palinso chinthu china chimene chimandikhudza kwambiri. Mu 1992 akatswiri awiri a ku Britain, Nicholas Hales ndi David Barker, anafotokoza kuti mwana amene anasowa chakudya ali m'mimba kapena ali wakhanda amakula ndi thupi lozolowera kusunga, ndiponso kapamba wosalimba mokwanira. Mwana wotereyo akadzakumana ndi chakudya cha m'tauni atakula, amadwala shuga msanga kuposa anzake. Chaka chomwecho cha 1992 kuno kunali chilala choopsa, ndipo mu 2008 mashelefu a m'masitolo anali mbee. Ana obadwa m'zaka zimenezo tili nawo m'nyumba zathu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene munthu wochepa thupi sayenera kudzitenga ngati wotetezeka. Azakhali anga si onenepa. Ali ndi manja ndi miyendo yowonda, koma kamimba kotuluka.

Tisaiwalenso zaka zimene Edzi inkatenga anthu motsatizana. Kuwonda kunasanduka chinthu chochititsa manyazi, ndipo kunenepa kunakhala umboni woti munthu ali bwino. Mpaka pano timayamikirana kuti "mwanenepatu, akukusungani bwino." Ena amafika pomwa mapiritsi a prednisolone kapena dexamethasone ogula mumsewu kuti anenepe, osadziwa kuti mankhwala amenewa amakweza shuga ndi BP. Kwa amene ali pa ma ARV, mankhwala ena monga dolutegravir amatha kuwonjezera thupi. Yankho lake si kusiya ma ARV, zimenezo ayi ndithu, koma kupempha kuti pokatenga mankhwala azikuyezaninso shuga, BP ndi sikelo. Mowa wambiri, fodya, kusagona mokwanira ndi nkhawa zosatha nazonso zimaikapo dzanja.

Amayi ena amapezeka ndi shuga ali oyembekezera, chifukwa mahomoni a mimba amalimbitsa chitseko chija. Amakonda kupimidwa pakati pa masabata 24 ndi 28. Shugayu nthawi zambiri amatsika akabereka, koma mayi wotere, komanso amene anaberekapo mwana woposa makilogalamu 4, ayenera kumapimitsa kawirikawiri moyo wake wonse.

Zimene zimawonongeka mwakachetechete

Shuga wambiri m'magazi amadya mitsempha pang'onopang'ono, ndipo amayambira ku timitsempha tating'ono kwambiri. Tili m'maso, mu impso ndi m'mapazi. M'maso timatuluka magazi, munthu n'kuyamba kuona mwachimbuuzi mpaka khungu. Mu impso sefa imabooka n'kuyamba kutaya mapuloteni mu mkodzo, ndipo izi zimachitika kwa zaka popanda ululu. Munthu akamayamba kutupa mapazi ndi nkhope, impso zapita patali, ndipo aliyense amene anaperekezapo m'bale ku makina otsuka magazi ku chipatala cha Parirenyatwa amadziwa kulemera kwa mtolo umenewo pa banja.

M'mapazi ndi mmene munagwera azakhali. Mitsempha yotumiza uthenga wa ululu imayamba kufa kuchokera ku zala kukwera m'mwamba. Poyamba munthu amamva kutentha kapena kubayabaya usiku, kenako dzanzi, kenako samva kalikonse. Ululu ndi mlonda wa thupi, ndipo akachoka, msomali, nsapato yothina kapena mbaula ya mu June zimavulaza phazi mwini wake osadziwa. Popeza magazi safikanso bwino kumapazi ndipo tizilombo timakonda shuga, bala silipola. Miyendo yambiri imene imadulidwa inayamba ndi kabala kosapweteka.

Mitsempha ikuluikulu nayo imatsekeka ndi mafuta, ndipo BP ikamaikankha tsiku ndi tsiku, mathero ake ndi sitiroko kapena mtima kulephera. Chitetezo cha m'thupi chimafooka, moti wodwala shuga amatha kudwala TB kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amene alibe. Abambo ambiri amayamba kufooka m'nyumba n'kumathamangira mankhwala a zitsamba, pamene chimenechi n'chizindikiro choti mitsempha yayamba kuwonongeka ndipo ndi nthawi yokapimitsa.

Zizindikiro zodziwika ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kutopa, kuwonda mosadziwika bwino, kuyabwa kumaliseche kobwerezabwereza ndi mabala osapola. Agogo ankazindikira poona nyerere zikuunjikana pamene munthu wakodza. Koma shuga amayamba kutayikira mu mkodzo akadutsa pafupifupi 10 m'magazi, kutanthauza kuti nyerere zikamabwera, matenda akhazikika kale. Khungu lakuda bii, lokhakhala ngati veleveti kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa, limene ambiri amalikhula poganiza kuti ndi litsiro, nthawi zambiri limasonyeza kuti insulini yachuluka m'thupi.

Kwa ana nkhani imathamanga. Mwana amene wayambiranso kukodza pogona, akumwa madzi kwambiri ndipo akuwonda m'masabata ochepa, apimidwe shuga tsiku lomwelo. Akayamba kusanza, kumva m'mimba ndi kupuma mozama, moyo wake uli pa ngozi ndipo afike kuchipatala mosachedwa.

Manambala oyenera kuwadziwa pamtima

Shuga woyezedwa m'mawa munthu asanadye, akakhala 7.0 kapena kuposa, ndipo zatsimikizika poyezanso tsiku lina, ndi matenda a shuga. Pakati pa 6.1 ndi 6.9 ndi chenjezo, ndipo apa m'pamene munthu angabwerere mosavuta. Woyezedwa nthawi ina iliyonse akafika 11.1 pamodzi ndi zizindikiro, ndi matendanso. Palinso kuyeza kotchedwa HbA1c kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo malire ake ndi 6.5. BP yoyambira 140/90, ikapezeka pa masiku osiyana, ndi yokwera.

Kuyeza kotchipa kuposa konse kumafuna tepi ya telala basi. Izungulizeni pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, chapamchombo, mutapuma bwinobwino osakoka mimba. Masentimita oposa 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi ndi chizindikiro choti mafuta a m'kati achuluka. Ngati mulibe tepi, dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, muchipinde pakati, ndipo chizitha kuzungulira m'chiuno mwanu.

Chithandizo

Ndiyambe ndi nkhani yolimbikitsa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatenga anthu amene shuga wawo anali pa chenjezo. Amene anathandizidwa kuchepetsa thupi ndi pafupifupi magawo 7 pa 100 ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chawo chodwala chinatsika ndi magawo 58 pa 100, kuposa amene anangopatsidwa mapiritsi a metformin, omwe chinatsika ndi magawo 31. Kwa munthu wa makilogalamu 85, tikunena za makilogalamu 6 okha. Ku Britain kafukufuku wa DiRECT anaonetsa mu 2017 kuti pafupifupi theka la anthu amene anali asanakhalitse ndi mtundu wachiwiri, atachepetsa thupi kwambiri moyang'aniridwa ndi achipatala, shuga wawo anabwerera m'malo popanda mankhwala patatha chaka. Kumeneku si kuchira kotheratu, chifukwa thupi likabwerera shuga amabwereranso, koma zikuonetsa kuti mafuta a m'chiwindi ndi m'kapamba amatha kuchoka.

Pa chakudya, palibe amene akukuuzani kuti musiye nsima. Odwala ambiri amauzidwa mndandanda wautali wa zoletsedwa, amafika kunyumba atataya mtima, n'kupitiriza kudya monga kale. Chofunika ndi kukula kwa mtanda ndi zimene zili pambali pake. Nsima ikhale ngati chibakera chanu, ndipo theka la mbale likhale masamba: repu, kovo, nkhwani, bonongwe, therere, kabichi. Mgaiwa, mapira ndi mawere zimaposa ufa woyera chifukwa gaga amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, komabe nazonso zimasanduka shuga, ndiye mtanda wa mapira usakule kawiri poganiza kuti ndi mankhwala. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi matemba ndi ndiwo zabwino zedi ndipo ku Mbare zilipo. Chinthu chimodzi chimene chimasintha manambala msanga ndi kusiya kumwa shuga: zoziziritsa kukhosi, majuwisi osungunula, maheu otsekemera ndi tiyi wa masupuni atatu. Chipatso chathunthu n'chabwino kuposa madzi ake. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, osakwana kasupuni kodzaza, ndipo muwerengere wa m'timatumba ta supu ndi timabuloko tokometsera ndiwo, chifukwa ambiri abisala m'menemo.

Minofu ndi imene imatenga gawo lalikulu la shuga tikadya, ndipo ikamagwira ntchito imamukoka ngakhale insulini ili yofooka. Kuyenda mofulumira mphindi 30 masiku asanu pa sabata n'kokwanira, ndipo ngakhale kuyenda mphindi 10 mukangomaliza kudya kumathandiza. Kutsika kombi patali pang'ono ndi kunyumba, kulima kamunda ka chimanga m'mbali mwa lokeshoni, kuvina ku kwaya ya amayi, zonsezo zimawerengedwa.

Mankhwala oyamba kwa ambiri ndi metformin. Anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1957, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuuza chiwindi kuti chichepetse kukhuthula shuga. Masiku oyamba amatha kutsegula m'mimba, n'chifukwa chake amamwedwa pamodzi ndi chakudya ndipo amayambidwa pang'ono. Ngati impso zafooka kwambiri, dokotala amachepetsa kapena kuwasiyitsa. Glibenclamide ndi anzake amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, ndipo amafunika kusamala: mukamwa osadya, shuga amatsika mopitirira. Pali mankhwala atsopano monga empagliflozin, amene amataya shuga kudzera mu mkodzo ndi kuteteza impso ndi mtima. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2021, ngakhale mtengo wake ukadali wolemera kwa mabanja ambiri.

Pa insulini pali mantha amene tiyenera kuwathetsa. Anthu amati ukayamba jakisoni ndiye kuti watha. Zoona zake n'zakuti insulini isanatulukiridwe ku Toronto mu 1921 ndi Frederick Banting ndi Charles Best, mwana wodwala mtundu woyamba sankakhala nthawi yaitali. Woyamba kubayidwa, mu January 1922, anali mnyamata wa zaka 14 dzina lake Leonard Thompson, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina 13. Tsiku loganizira matenda a shuga, 14 November, ndi tsiku limene Banting anabadwa. Amene amaoneka ngati aphedwa ndi jakisoni nthawi zambiri ndi amene anamuyamba mochedwa, ziwalo zitawonongeka kale. Vuto lenileni kuno ndi kasungidwe, magetsi akamazima maola ambiri. Insulini yosatsegula imafuna firiji koma isaundane, ndipo youndana itayidwe. Botolo limene mwayamba kugwiritsa ntchito limatha kukhala pafupifupi masabata anayi pamalo ozizira, kutali ndi dzuwa. M'miyezi yotentha ya October ndi November ena amaika botololo m'kachitini kotseka bwino, n'kukaika m'mphika wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa pamthunzi.

Aliyense wokhala ndi munthu amene ali pa insulini kapena glibenclamide adziwe izi. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kulankhula zosokonekera ngati woledzera, shuga watsika, kawirikawiri pansi pa 3.9. Mupatseni masupuni atatu kapena anayi a shuga m'madzi nthawi yomweyo, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala. Ndipo amene akufuna kusala kudya, kaya pa Ramadan kapena kumapemphero a kuphiri, ayambe wakambirana ndi achipatala za kasinthidwe ka mankhwala.

Popeza mtengo ndi umodzi, kuthana ndi shuga yekha sikukwanira. BP imafuna mankhwala ake monga amlodipine, enalapril kapena losartan. Awiri omalizawa amatetezanso impso, koma sayenera kumwedwa ndi mayi woyembekezera. Hydrochlorothiazide, amene ambiri amangoti HCT, amatha kukweza uric acid, ndiye wodwala gout amuuze dokotala. Atorvastatin amatsitsa kolesitirolo ndi kuchepetsa ngozi ya sitiroko. Pa gout, allopurinol amamwedwa tsiku lililonse kuti matenda asabwerere, osati pokhapo chala chatupa, ndipo mowa, zam'mimba ndi chiwindi cha nyama zichepe.

Chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi kusiya mankhwala. Munthu amamwa miyezi iwiri, amamva bwino, wina amamuuza kuti wachira kapena amamugulitsa botolo la zitsamba loti limachotsa shuga, ndiye amataya mapiritsi. BP ndi shuga sizipweteka, choncho kumva bwino si umboni wa kanthu. Pemphero ndi piritsi sizilimbana. Tiyi wa zumbani mukhoza kumwa ngati mumamukonda, koma sangalowe m'malo mwa metformin. Ena amasiya chifukwa ndalama yatha kapena mankhwala sanapezeke, ndipo pamenepa ndi pofunika abale kusonkherana, monga momwe timachitira pa maliro.

Si matenda onse a gulu limeneli amene amachokera ku kadyedwe. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, ndi chimene chimalamula liwiro la thupi lonse. Chikafooka munthu amanenepa, amamva kuzizira ndi kutopa, ndipo piritsi la levothyroxine limakonza zimenezi. Chikathamanga amawonda, mtima umagunda kwambiri, manja amanjenjemera. Kusowa kwa ayodini kumatupitsa pakhosi, n'chifukwa chake mchere wa m'sitolo amauthira ayodini. Palinso matenda osowa obadwa nawo, monga phenylketonuria, pamene thupi la mwana limalephera kugaya mbali ina ya mapuloteni, ndipo akazindikiridwa msanga chakudya chapadera chimateteza ubongo wake.

Azakhali phazi lawo linapulumuka, koma chala chimodzi chinapita. Anagona m'chipatala masabata awiri, ndipo bala linatenga miyezi inayi kuti litseke. Pano amamwa metformin, amlodipine ndi atorvastatin, amapimitsa maso ndi mkodzo kamodzi pachaka, ndipo pa benchi lawo la tomato pali botolo la madzi pamene pankakhala chakumwa chotsekemera. Savalanso nsapato asanapisemo dzanja. Madzulo alionse akasamba amapukuta pakati pa zala, amaika kagalasi pansi n'kuyang'ana kuphazi konse, chifukwa maso ayenera kugwira ntchito imene ululu unasiya.

Mwezi watha pa msonkhano wa bungwe lathu la maliro anapempha kulankhula tisanayambe kuwerenga zopereka. Anatulutsa tepi ya telala m'chikwama, nayamba ndi apampando. "Achimwene, imirirani kaye, kwezani jekete." Panapezeka masentimita 104. Anawalembera nambalayo kuseri kwa khadi la zopereka, n'kuwauza kuti Lolemba asadye kadzutsa, adzawadikira pa geti la kiliniki 7 koloko.